Amayi akuti analodzedwa, abambo akuti ndi ziwanda, adokotala akuti ndi matenda: ndimvere ndani?

Funso

Ndine mayi wa zaka 31, ndimagwira ntchito ku Lilongwe. Mlongo wanga wamng'ono, wa zaka 24, anabwerako ku Joni chaka chatha ntchito itamuthera. Kwa miyezi itatu tsopano sagona, amayankhula yekha, akuti akumva mawu a anthu akumunyoza ndipo pali ena akumulondalonda. Amayi akuti analodzedwa ndi wachibale wina amene anamuchitira nsanje, ndipo apita naye kale kwa asing'anga kawiri. Abambo ndi mkulu wa mpingo, iwo akuti ndi ziwanda, akufuna akamusiye kumalo ena a mapemphero. Amalume akuti ndi chamba basi. Kuchipatala anati ndi matenda a mu ubongo, anamupatsa mapiritsi. Anamwa masabata awiri n'kusiya, akuti akumuumitsa thupi. Mwiniwakeyo akuti sakudwala. Panopa amayi ndi abambo sakuyankhulana bwino, ndipo amene ndikulipira zonse ndine. Akunena zoona ndani? Ndimvere ndani?

Yankho

Achemwali, zikomo polemba, ndipo pepani ndi katundu amene mwasenzayu. Ndiyambe ndi mfundo imene sindikufuna isochere m'mawu ambiri: malinga ndi zimene mwafotokoza, mlongo wanu akudwala, matenda akewo ali ndi chithandizo, ndipo ayenera kubwerera kuchipatala sabata yomwe ino. Kumva mawu amene ena sakuwamva, kukhulupirira kuti pali okulondola, kusowa tulo, kuyankhula wekha, zonsezi pamodzi ife azachipatala timazitcha psychosis. Dzinali silinena chimene chayambitsa. Limangonena kuti munthu wayamba kumva ndi kuona zinthu mosiyana ndi onse omuzungulira. Tikudziwanso kuti munthu akakhala nthawi yaitali osalandira chithandizo, kuchira kwake kumavutirapo. Miyezi itatu yapita kale.

Koma ndikathera pomwepa ndiye kuti sindinakuthandizeni, chifukwa kuchipatalako anapitako kale, mankhwala analandira, n'kuwasiya. Pakhomo panu mayankho sakusowa. Alipo asanu, aliyense wakakamira lake. Ine powerenga kalata yanu ndikuona kuti anthu asanuwa sakuyankha funso limodzi. Adokotala akuyankha lakuti: chikuchitika n'chiyani m'mutu mwa mnyamatayu, nanga tichiziziritse bwanji? Amayi anu lawo ndi lina: chifukwa chiyani mwana wanga, chifukwa chiyani pano, pamene anzake amene ananyamuka nawo akutumiza ndalama kwawo? Funso limenelo mapiritsi saliyankha. Abambo anu akufunsa kumene kuli Mulungu pa zimenezi, ndi chimene iwo monga bambo angachite ndi manja awo. Amalume akusaka chimene chinayambitsa. Ndipo mlongo wanu akamati sakudwala, n'kutheka kuti akutanthauza kuti: zimene ndikumvazi kwa ine n'zenizeni, musanditche wamisala.

Izi si zachilendo m'ntchito yathu. Mu 1977 dokotala wina wa ku America, George Engel, anadzudzula madokotala anzake chifukwa choyang'ana thupi lokha. Iye anati matenda aliwonse ali ndi mbali ya thupi, mbali ya maganizo, ndi mbali ya mmene munthuyo akukhalira pakati pa anzake. M'zaka zomwezo Arthur Kleinman, dokotala wa matenda a maganizo amene anachita kafukufuku ku Taiwan, anaonjezera china: wodwala ndi abale ake amafika kuchipatala ali kale ndi kafotokozedwe kawokawo ka vutolo, ndipo dokotala amene safunsa za kafotokozedwe kameneko amakhala akuchiza munthu amene sakumumvetsa. Mafunso ake anali osavuta. Vutoli mumalitcha chiyani? Mukuganiza kuti layamba chifukwa cha chiyani? Bwanji layamba nthawi ino? Mukuopa chiyani kwambiri? Mukufuna chithandizo chotani? Mu 2013 buku lalikulu limene madokotala a ku America amagwiritsa ntchito pozindikira matenda a maganizo linaikamo mafunso 16 a mtundu womwewu. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti kumvetsera amayi anu si kunyengerera umbuli ayi. Ndi mbali ya udokotala weniweni.

Komabe kumvetsera onse sikutanthauza kuti onse akulondola mofanana pa chilichonse. Pali funso limodzi limene asing'anga, abusa ndi amalume sangaliyankhe, ndipo liyenera kukhala loyamba: kodi palibe matenda a m'thupi amene asokoneza mutu? Kuno kwathu zoterezi n'zambiri. Malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, HIV imene yafooketsa thupi, chindoko chakalekale, shuga kutsika kwambiri, khunyu, kuvulala m'mutu. Ngakhale mankhwala ena amatero: efavirenz, amene anali m'ma ARV athu kwa zaka zambiri, ankalotetsa ena maloto oopsa ndi kuwasokoneza. Munthu womwa kachasu tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi, pakapita masiku awiri kapena atatu amatha kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuona tizilombo pakhoma, ndipo zimenezi zimapha. Choncho mukapita, pemphani kuti amuyeze malungo, shuga, HIV ndi chindoko. Ngati thupi latentha, mutu ukumupweteka kwambiri, khosi lauma, wakomoka, kapena sakudziwa kumene ali, m'mawa ali bwino madzulo wasokonezekeratu, musadikire sabata. Pitani lero lomwe.

Thupi likapezeka kuti lili bwino, adokotala amaganizira zina. Schizophrenia, mtundu wa psychosis yokhalitsa imene bungwe la zaumoyo la WHO mu 2022 linati imagwira munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 300 padziko lonse, imakonda kuyamba pa msinkhu wa mlongo wanuyu, ndipo kwa amuna imafulumira kusiyana ndi kwa akazi. Palinso matenda amene munthu amakhala masiku osagona koma osatopa, kuyankhula mosalekeza ndi kumwaza ndalama, kenako n'kugwa m'chisoni chachikulu. Kukhumudwa kozama nakonso kumabweretsa mawu onyoza. Musadabwe ngati sakukuuzani dzina lenileni ulendo woyamba. Zimatenga miyezi kuti zioneke bwino, ndipo ena amadwala kamodzi kokha osabwerezanso.

Amalume anu musawanyoze. Chamba chimakhudzadi matendawa. Amene amasuta tsiku ndi tsiku, makamaka chamba champhamvu ndiponso atayamba ali wamng'ono, ali pa chiopsezo chachikulu, ndipo amene wadwala kale akapitiriza kusuta matenda amabwerera msanga. Pamene amalume akuphonya ndi pa mawu akuti "basi". Osuta ambiri sadwala chonchi, ndipo pali odwala ambiri amene sanasutepo. Ena amayamba kusuta matenda atayamba kale, pofuna tulo kapena kuti mawu aja achepe. Munthu akati "ndi chamba basi" kawirikawiri amatanthauza kuti "anazifuna yekha", ndipo banja likafika pamenepo chifundo chimatha. Mufunseni mlongo wanu ngati amasuta, anayamba liti, chimamuthandiza chiyani, popanda kumuopseza ndi apolisi. Adokotala akufuna yankho loona.

Pali mbali imodzi imene palibe aliyense pakhomo panu waitenga ngati nkhani, ngakhale ili koyambirira kwenikweni kwa kalata yanu: Joni. Mnyamata amene anatsanzika mudzi wonse, mwina banja litagulitsa mbuzi kapena kukongola ndalama ya pasipoti ndi basi, wabwera chimanjamanja. Ankakhala bwanji kumeneko? Anali ndi mapepala, kapena ankayenda akucheuka, kuopa apolisi ndi Lindela, malo osungirako alendo opanda mapepala asanabwezedwe kwawo? Anamenyedwapo? Anaberedwapo? Anaonapo mnzake akuvulazidwa? Tonse tikukumbuka 2008, 2015 ndi 2019, pamene alendo ku South Africa ankathamangitsidwa ndi kuwotcheredwa mashopu, Amalawi ambiri n'kubwerera kwawo ndi zovala za m'thupi zokha. Mantha amenewo sanathe pakati pa anthu athu kumeneko. Kafukufuku wa ku Britain ndi mayiko ena a ku Ulaya wakhala akupeza kuti psychosis imachuluka pakati pa anthu amene anasamukira kudziko la eni, ndipo kusalidwa ndi kukhala wekhawekha n'zina mwa zifukwa zimene akatswiri amaloza. Munthu amene wakhala zaka akubisala, mutu ukayamba kudwala, n'zosadabwitsa kuti chimene amaona ndi anthu omulondola. Nanga mawu akumunyozawo akunena chiyani kwenikweni? Kambirimbiri ndamva anyamata otere akundiuza kuti mawuwo amati "wolephera iwe", "wabwera ndi chiyani", "anzako amanga nyumba za malata". Mawuwo ndi chizindikiro cha matenda, inde. Koma zimene akunena sizinachokere kumwamba. Ndi manyazi amene wakhala akugona nawo chibwerereni.

Tsopano amayi. Ndinene maganizo anga poyera, popeza mwandifunsa: sindikhulupirira kuti wachibale uja ndiye wadwalitsa mlongo wanu. Matenda omwewa, pa msinkhu womwewu, ndi zizindikiro zomwezi, amapezeka ku Finland, ku India ndi ku Japan, ndipo amatsika ndi mankhwala amodzimodzi. Koma sindinaonepo mayi amene anasiya chikhulupiriro chake chifukwa chakuti mwana wake wophunzira wamukalipira. Chimene chimachitika n'chakuti amangosiya kukuuzani, n'kumapita naye mobisa, ndipo zimene akumwetsedwa kumeneko simuzidziwanso.

Ndi bwino kumvetsa chimene amayi amapeza kwa asing'anga. Kumeneko amakhala pamphasa ola lathunthu. Amafunsidwa za banja, za maloto, za mikangano ya munda, za amene sanabwere pamaliro. Amauzidwa chifukwa, ndipo amapatsidwa ntchito yoti achite: wiritsani ichi, fukizani ichi, musambitseni m'mamawa. Kuchipatala amaima pamzere kuyambira m'bandakucha, n'kulowa mphindi zochepa, n'kutuluka ndi mawu achizungu olembedwa m'kabuku ndi timapiritsi toyera. Mayi aliyense angasankhe kumene akumva kuti wamvedwa. Komanso mawu akuti "amutumiza ku Zomba" amaopsa pa chifukwa. Malo oyamba osungirako odwala misala ku Zomba, mu 1910, anali mbali ya ndende, ndipo chipatala chapachokha chinadzatsegulidwa mu 1953. Agogo athu anakula akudziwa kuti wopita kumeneko amatsekeredwa. Auzeni amayi kuti lero odwala ambiri amathandizidwa pa chipatala cha boma lawo ndi anamwino ndi madokotala ophunzira za matendawa, n'kumagona kunyumba. Zomba, kapena St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi kwa amene afunika kugonekedwa kwa kanthawi, ndipo amatuluka.

Sindinyoza zonse za makolo athu. Vimbuza ya kumpoto, imene UNESCO inaizindikira mu 2005, ili ndi nzeru yake: mayi wopsinjika m'banja amazunguliridwa ndi mudzi wonse usiku wa ng'oma, n'kutulutsa zimene sakanatha kunena masana. Kuzunguliridwa kumeneko kumatonthoza, ndipo ife azachipatala tili ndi zoti tiphunzirepo. Koma mawu amene mlongo wanu akumva satsika ndi ng'oma kapena ndi zitsamba.

Ndiye ndi amayi musakangane za ufiti. Kambiranani za malire. Kulikonse kumene angapite naye, asamangidwe ndi unyolo kapena chingwe, asamenyedwe, asamanidwe chakudya, asamwetsedwe zosanzitsa kapena zotsegula m'mimba, asatemedwe mphini ndi lumo limene latema ena, ndipo wina aliyense asamusiyitse mankhwala a kuchipatala. Malire ena, amene ndikufuna muwagwire mwamphamvu kuposa onse, ndi awa: dzina la wachibale uja lisatchulidwenso. Lamulo la dziko lathu, kuchokera mu 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo tikudziwa kumene kuloza chala kumathera. Ku Neno mu 2016 okalamba anayi anaphedwa pa nkhani yotereyi. Koma palinso chifukwa chokhudza mlongo wanu mwiniwake. Iye akukhulupirira kale kuti pali anthu akumufunira zoipa, kungoti sakuwadziwa. Amayi ake omubereka akamuuza kuti "ndi uje", mwapereka dzina, nkhope ndi nyumba ku mantha amene analibe nkhope. Odwala ambiri savulaza aliyense, koma zoopsa zikachitika nthawi zambiri zimayambira pamenepa. Mayi amene sangamve za ubongo amamva izi, chifukwa safuna mwana wake akathere kundende.

Abambo anu ali ndi chinthu chamtengo wapatali. Odwala ambiri amene ndawaona akuchira amanena kuti pemphero ndi abale a mumpingo ndi zimene zinawagwira dzanja. Chimene ndikukana ndi "kukamusiya". Mu 2020 bungwe la Human Rights Watch linapeza umboni wa odwala maganizo omangidwa ndi maunyolo m'mayiko 60, ndipo ena mwa iwo anali m'malo a mapemphero ndi a asing'anga kumene abale anawasiya ndi mtima wabwino. Ngakhale kumalo kumene samanga, taganizani mnyamata wamantha kale, anthu khumi amuzungulira akukuwa kuti "tuluka!", usiku wonse, iye akuuzidwa kuti m'kati mwake muli chiwanda. Kusagona kokhako kumakulitsa matendawa. Kwa iye tulo ndi mankhwala. Abambo anu mwana akatentha thupi amapemphera, komanso amapita naye kukayezetsa malungo, ndipo saona kuti achimwa. Akumbutseni zimenezo mwaulemu, kenako apatseni ntchito. Madzulo aliwonse azikhala naye, apemphere mwachidule ndi motsitsa mawu ngati iye wavomera, kenako amupatse piritsi ndi madzi. Bambo amene wapatsidwa udindo wotere sakhalanso mdani wa mankhwala.

Mwina mukuganiza kuti kuyendera limodzi chonchi ndi maloto chabe. Zinayesedwa. Mu 1954 Thomas Adeoye Lambo, dokotala wa ku Nigeria, anayambitsa ku Aro, pafupi ndi Abeokuta, dongosolo loti odwala azikhala m'midzi yoyandikana ndi chipatala pamodzi ndi wachibale, ndipo ankagwira ntchito ndi asing'anga. Chaposachedwa, mu 2020, Oye Gureje ndi anzake anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa ku Ibadan ku Nigeria ndi ku Kumasi ku Ghana, wa odwala psychosis oposa 300 amene anali m'manja mwa asing'anga ndi a mapemphero. Kumalo ena azaumoyo ankapitako kukapereka mankhwala ndi kukambirana ndi ochiritsawo, kwina ayi. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, odwala a kumene anagwirira ntchito limodzi anali atachira bwino koposa. Palibe amene anaumirizidwa kusiya chikhulupiriro chake. Anangogwirizana zochita.

Ndafika pa munthu amene ndikanakonda mukanayambira. M'kalata yanu aliyense wapatsidwa chiganizo chake chokwanira, mlongo wanu wapatsidwa mawu awiri: akuti sakudwala. Si inu nokha; mabanja ambiri, ngakhale ife azachipatala, timayankhula za wodwala iye ali pomwepo ngati palibe. Mu 1987 ku Netherlands dokotala wina, Marius Romme, anakakamizidwa ndi wodwala wake, Patsy Hage, kuti asiye kungolemba kuti "akumva mawu" n'kuyamba kufunsa zimene mawuwo akunena. Awiriwa anakaonekera pa wailesi ya kanema, ndipo anthu mazanamazana anayankha kuti nawonso amamva mawu, ena a iwo osapitako n'komwe kuchipatala cha misala. Apa ndi pamene panayambira magulu a anthu omva mawu amene lero ali m'mayiko ambiri. Patapita zaka, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku America, Tanya Luhrmann, ndi anzake anacheza ndi odwala 60, makumi awiri ku California, makumi awiri ku Chennai ku India, makumi awiri ku Accra ku Ghana. A ku California ambiri anati mawu awo ndi ankhanza ndi achiwawa. A ku Chennai ambiri ankamva achibale akuwalangiza kapena kuwakalipira. A ku Accra ambiri ankati akumva Mulungu. Matenda ofanana, koma mmene munthu amawamvera zimatengera kumene wakulira ndi zimene omuzungulira amamuuza. Ndiye zimene banja lanu likumuuza mlongo wanu za mawu akewo zili ndi mphamvu pa iye.

Pezani nthawi muli awiriwiri, kunja kukuzizira, mwina mukusenda mtedza pakhonde kapena mukuyenda, osati maso ndi maso ngati kubwalo la milandu. Musati "palibe amene akukutsatira, ndi mutu wako". Akangomva zimenezo atseka pakamwa. Musatinso "eya, ndawaona", chifukwa ndi bodza. Mungathe kunena kuti: "Achimwene, ine mawuwo sindikuwamva, koma ndikuona kuti akukuzunzani. Amanena chiyani? Ndi a mwamuna kapena a mkazi? Amabwera nthawi yanji? Chimene chimawachepetsa n'chiyani?" Akayankha, khalani chete pang'ono, musathamangire kukonza. Kenako mufunseni chimene iye akufuna. Sadzati "ndikufuna kuchira psychosis". Adzati ndikufuna kugona, ndikufuna anthu asiye kundiyang'ana, ndikufuna ntchito. Gwirani pomwepo. Simufunika kuti avomere kuti ndi wodwala. Mufunika kuti avomere kupita nanu kwa amene angamuthandize kugona.

Ndipo pa nkhani ya mapiritsi, iye ndi amene akunena zoona. Haloperidol ndi chlorpromazine, amene amapezeka kwambiri m'zipatala zathu, amatha kuumitsa thupi, kunjenjemeretsa manja, kutulutsa dovu, kupotola khosi, kutembenuza maso, kapena kumupangitsa munthu kulephera kukhala malo amodzi. Kwa mnyamata wa zaka 24 kuyenda mowuma pamsika anthu akumuloza n'chinthu chowawa kwambiri. Sanasiye chifukwa cha mwano. Zimenezi zimakonzeka: adokotala angachepetse mlingo, angasinthe n'kumupatsa ena monga risperidone ngati alipo, kapena kuonjezera benzhexol, amene ambiri amawadziwa kuti Artane. Kwa amene amaiwala kumwa palinso jakisoni wa pamwezi. Muuzeni kuti mukupita kukadandaula za kuumako, ndipo mukafika dandaulanidi. Dziwaninso kuti tulo timabwera m'masiku ochepa, koma mawu ndi mantha zimatenga masabata angapo kuti zitsike, ndipo akayamba kupeza bwino mankhwala amapitirira kwa chaka kapena kuposerapo, monga adokotala angakuuzeni. Nthawi yoopsa ndi imeneyo: amayi adzati zitsamba zagwira ntchito, abambo adzati chiwanda chatuluka, iye adzati ndachira, onse n'kugwirizana kwa nthawi yoyamba kuti mapiritsi atayidwe. Kambiranani zimenezi zisanafike.

Kukambiranako kuchitike onse ali pamodzi. Kumpoto kwa Finland, ku Tornio, kuyambira m'ma 1980 azachipatala anayamba njira yoti munthu akangosokonezeka, pasanathe maola 24 aitane wodwalayo, abale ake ndi aliyense womukhudza, ndipo chilichonse chokhudza chithandizo chake chizikambidwa iye ali pomwepo. Ku Hamburg ku Germany, mu 1989, Dorothea Buck, mayi amene anadwalapo yekha ndi kuzunzidwa m'zipatala za nthawi ya ulamuliro wa Hitler, anayambitsa pamodzi ndi Thomas Bock misonkhano ya odwala, abale ndi madokotala, aliyense kuyankhula ngati wodziwa mbali yake. Ife kukhala pansi monga banja sitifunika kukuphunzira ku Ulaya. Chimene tingatengeko n'chakuti wodwalayo akhalepo ndipo ayambe ndiye kuyankhula. Pemphani amalume, monga eni mbumba, kuti aitanitse. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo akakhala oyendetsa nkhani adzasamala mawu awo. Anthu achepe, nthawi isatalike. Aliyense anene chimene akuopa, osati amene akumuimba mlandu. Musayese kugwirizana za chimene chinayambitsa, simudzagwirizana. Gwirizanani za mwezi uno: ndani apita naye kuchipatala, ndani apereka mankhwala, ndani aonetsetsa kuti wagona, ndi ntchito yanji yaing'ono imene azigwira, kaya kudimba kaya pa okala, kuti asamangokhala m'nyumba ndi mawu ake. Nkhani ya ndalama muitchule pomwepo. Simungasenze nokha mpaka kalekale, ndipo inunso mukufunika wina womuuza zakukhosi. Bungwe la MeHUCA limasonkhanitsa odwala ndi owasamalira m'Malawi muno. Funsani kuchipatala ngati pali gulu pafupi ndi kwanu.

Chinthu chimodzi sichidikira msonkhano. Mufunseni mosabisa ngati mawuwo amamulamula kudzivulaza kapena kuvulaza wina, ndiponso ngati waganizapo zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Akati inde, kapena akasiya kudya ndi kumwa, asakhale yekha ngakhale pang'ono. Chotsani tameki, mankhwala a mbewu, zingwe ndi zikwanje, mapiritsi ake asunge munthu wina, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Popita mutenge kabuku kake ka kuchipatala, mapiritsi amene anatsala, ndi botolo kapena mizu ya zimene asing'anga anamupatsa, kuti adokotala adziwe zimene zili m'thupi mwake. Lembani papepala tsiku limene anasiya kugona, zimene wakuuzani za Joni ngati walola kuti zinenedwe, ndi mmene mankhwala oyamba anamuchitira. Amayi apite nawo, alowe m'chipindamo, afotokoze okha zimene akukhulupirira ndi zimene akuopa. Ngati amene mwamupeza wafulumira, pemphani mwaulemu kuonana ndi namwino kapena dokotala wa matenda a maganizo, ndipo musachoke musanadziwe tsiku lobweranso.